Mayi Pauline ndi kiyi wa shedi ya mbewu

Mayi Pauline Chifuniro anabadwira kumapiri a ku Tsangano, kumene nkhungu imagona pamizere ya kachewere mpaka dzuwa litakwera. Ali mtsikana ankayenda mtunda wautali kukaimba kwaya, nsapato zili m'manja kuopa matope. Atakwatiwa, amuna awo anapita ku Joni, ndipo chaka chachitatu makalata analeka kubwera. Sanadandaule pagulu. Analowa gulu la Chikatolika la Legio ya Maria, kenaka kalabu ya alimi a kachewere, imene inkasunga mbewu ya onse mu shedi imodzi.

Chaka china mbewu inayamba kusowa mu shedimo. Maso onse anapita kwa Bambo Eliya, mlendo wochokera ku Mozambique, amene sankapemphera nafe ndipo sanali m'gulu lililonse. Amuna a kalabu anagwirizana zowathamangitsa m'mudzi pamodzi ndi ana awo anayi.

Pamsonkhano Mayi Pauline anaimirira. "Abambo inu, anawaona akuba ndani?"

"Nanga timudziwa bwanji, mayi?" anayankha wapampando. "Ngakhale pamaliro sakhala nafe."

"Munawaitanapo?"

Mayiwo anamasula kiyi wa shedi, amene ankamumangirira ku kolona yawo, nati, "Alembeni mu kalabu, asunge kiyiyu ndi iwowo. Mbewu ikasowanso, mukakumbe munda wanga."

"Legio yawazunguza mutu amayiwa," wina anatero, anthu n'kuseka.

Komabe kiyi anaperekedwa kwa Bambo Eliya, ndipo iwo, poopa kunamiziridwanso, anasesa shedi yonse. Kuseri kwa matumba anapeza dzenje limene nungu zinaboola pansi pa khoma. Analitseka ndi miyala, ndipo mbewu sinasowenso.

Mayi Pauline sanadzitame. Ankangoti, "Munthu amene simunakhalepo naye pabenchi limodzi amaoneka ngati wakuba." Ife achinyamata, amene mitima yathu ili kale pa basi ya ku Lilongwe, misonkhano ya pansi pa mtengo timaiona ngati yotaya nthawi. Iwo ankapitabe, ndi ndodo, ngakhale maso atayamba kuchita khungu.

Anamwalira mwamtendere mu Juni wozizira uja, atalandira masakramenti, amayi a Legio akuwaimbira chapansipansi. Kumanda, amene anatsogolera adzukulu pokumba anali Bambo Eliya, mutu uli mbuu ndi imvi. Powerama ndi khasu, kiyi uja ankalendewera m'khosi mwawo.

Mzimu wawo uuse mumtendere wa Ambuye.