Dzina la Mlongo Wanga Ndinakalitenga ku Galaja

Kuno ku Doha ndine gadi. Ndimaima pageti ku Ras Abu Aboud, ndimagona ku Al Muntazah. Basi ya kampani amayendetsa ndi Gurdeep, Msikhi wa ku Punjab. Tsiku lina masana, tikudikira anzathu a shifiti, anandionetsa foni. Mkazi wake wachira kwawo, ndipo akukachisi atumiza chilembo cha H, choyambira dzina la mwana. Iye amasakasaka mayina a H pa intaneti. Atayamba kundifotokozera mwambowo, ndinati ndimaudziwa. Sanakhulupirire.

Ndinaudziwira ku Limbe, ndili Sitandade 2. Bambo ankagwira ntchito pagalaja ya mwenye wa nduwira, a Singh. Kenako bambo anapita ku Joni, amayi ali ndi pakati. Kalata ayi, uthenga ayi. Mwana anabadwa wamkazi. Mchombo unagwa, anatuluka m'chikuta, koma dzina panalibe. Kwathu dzina amapereka ndi akuchimuna, ndipo amayi anati tidikire. Tinkangomuti Mwana.

Ine anzanga ndinalibe. Ndikaweruka ndinkakakhala patayala lakutha pagalaja paja, kununkhiza oyilo, kuyang'ana msewu umene bambo anadzera. A Singh sankandithamangitsa. Anali munthu wa ndevu zambiri, chibangili chachitsulo padzanja, mawu ochepa. Ndinkaganiza kuti amwenye onse a nduwira ndi ana a munthu mmodzi, poti aliyense anali Singh. Ndinkamumvera chisoni bambo wawoyo.

Lamulungu lina a Singh anandiuza kuti kukachisi kwawo kuli chakudya, aliyense amadya. Ndinapitira chakudyacho. Pakhomo anthu amavula nsapato. Ine zinandiphwekera, ndinalibe. Anandimanga kansalu kumutu, tinakhala pansi. Kutsogolo kunali buku lalikulu lokutidwa ndi nsalu zowala, munthu akulikupiza ndi litchowa loyera. Tsikulo ankatcha dzina mdzukulu wa a Singh. Mkulu wina anapemphera, anatsegula bukulo osasankha tsamba, nawerenga mawu oyamba a kumanzere. Chilembo choyamba chinali M. Makolo ananong'onezana, mwana anakhala Manjit. Anatigawira chinthu chotentha cha ufa wa tirigu, shuga ndi mafuta, m'manja. Ndinanyambita mpaka m'zikhadabo.

Pobwerera a Singh anati Manjit ndiye kuti wogonjetsa mtima wake. Anati mayina awo sasankha mwamuna kapena mkazi. Chosiyanitsa ndi cha kumapeto: mwamuna ndi Singh, mkango, mkazi ndi Kaur, mwana wa mfumu. Chisoni changa pa bambo uja chinathera pomwepo.

Nyengo yozizira itafika Mwana anadwala chifuwa. Ankapuma ngati kamphaka, kuyamwa anasiya. M'mawa wina pampopi ndinamva amayi ena akuti mwana wopanda dzina akapita sipakhala maliro enieni, amakangomutaya azimayi okha mwakachetechete. Sanandione. Ndinasiya ndowa isanadzaze.

Amayi anali atapita kukapempha mankhwala. M'nyumba buku linali limodzi, langa la kusukulu, lopanda chikuto. Ndinasamba m'manja, ndinavala duku la amayi, ndinaika bukulo papilo. Litchowa ndinalibe, ndinakupiza ndi nthenga ya nkhuku. Ndinanena Bisimila, poti pemphero lawo sindinkalidziwa. Ndinatsinzina n'kutsegula. Kumanzere kunali chithunzi cha sitima, ndipo mawu oyamba anali omwewo. S.

Ndinathamanga kugalaja. A Singh anali kunsi kwa lole, kukuoneka miyendo yokha.

"Bwana, ndipatseni dzina la S."

Anatuluka, anandiyang'ana kumutu. Duku ndinali ndisanavule.

"La ndani, mwana wa Yusufu?"

Ndinawauza zonse. Ndinkayembekeza kuti aseka, kapena akalipa kuti ndaseweretsa za kukachisi. Anapukuta manja nthawi yaitali. Anati dzina si sipanala yongobwereka, amayi ndiwo avomereze. Kenako anati, "Simran. Kukumbukira. Kwathu timati kukumbukira Mulungu. Koma nayenso mwanayo asaiwalike."

Anatseka galaja masanasana, tinapeza amayi atabwerera kunyumba, natitengera tonse kuchipatala pa galimoto ya kasitomala. M'njira ndinawauza amayi. Sanandimenye. Anangoti, "Bambo ako akabwera adzasintha." Kuchipatala namwino anafunsa dzina la wodwala. Amayi anayang'ana pansi, kenako ananena. Lilime lathu linalipinda, linatuluka Simulani.

Anachira. Bambo sanabwere. Lero Simulani ndi mayi wa ana ake ku Machinga, amagulitsa tomato, ndipo anthu amaganiza kuti ndi dzina la Chiyawo lakalekale. Galaja ija anaigwetsa. A Singh sindidziwa kumene anathera.

Gurdeep anamvetsera mpaka kumapeto, anaseka za nthenga ya nkhuku zokha. Mwana wake anamutcha Harpreet, chikondi cha Mulungu. Anasankha yekha, pasiteringi, popanda womunong'oneza, popanda chotsekemera cha m'manja. Anatumiza dzinalo, anati yala, ndiye kuti tiyeni m'Chiluya, analiza injini.

Zinthu zinasintha. Kale bambo akapita, amapita ndi mawu ake omwe. Lero mawu amafika tsiku lomwelo. Mwana wanga womaliza anabadwa ine ndili kuno. Mkazi wanga ataimba, sindinalole kuti dzuwa lilowe mwanayo alibe dzina. Ndinalinena ndili chiimire pageti, fumbi la malole lili m'kamwa. Panopa akuyenda, akuti akamuitana amatembenuka. Dzina ndinatumiza. Kumunyamula sindinamunyamulepo.