Chithunzi cha a Jailos pa Chikuto

A Jailos Zuze anabwera ku Blantyre kuchokera ku Nsanje ali mnyamata, ndipo anapeza ntchito pafakitale ina yopanga misomali ku Chirimba. Ntchito yawo inali yonyamula mipukutu ya waya. Koma chimene chinawatchukitsa sichinali misomali. Fakitaleyo inali ndi timu ya mpira yotchedwa Nyundo, ndipo iwo ankasewera kumbuyo. Anali munthu wamtali, wosakonda kulankhula, ndipo ochemerera anawapatsa dzina lakuti Chitseko, chifukwa wosewera wakutsogolo akafika pa iwo ulendo unkathera pomwepo.

Masiku amenewo, kukakhala masewero akuluakulu, pachipata ankagulitsa timabuku tamasamba ochepa totchedwa pulogalamu. Munkakhala mayina a osewera, manambala awo ndi zithunzi. Munthu ankagula n'kumawerenga podikira kuti mpira uyambe, ena n'kupita nato kunyumba kukamata pakhoma. A Jailos sanapite patali ndi sukulu, koma dzina lawo analiona litasindikizidwa m'timabuku timeneti, ndipo kamodzi anatumizako kwa mayi awo kumudzi.

Fakitale itatsekedwa, timu inafera pomwepo. A Jailos anakhala mlonda wa masana paofesi ina ku Mandala kwa zaka zambiri. Akazi awo, a Hannah, a kwawo komweko, ankagulitsa milamba youma mumsika wa Chirimba, ndipo mwana wawo Bertha anakula n'kuyamba ntchito yosoka. Kenako kunabwera matenda a shuga. Jombo ya kuntchito inawasupula a Jailos chala chakuphazi, chilonda chinakana kupola, ndipo mapeto ake madokotala anadula mwendo wamanzere m'munsi mwa bondo.

Ali m'chipatala kunabwera a Kingsford kudzawazonda. Amenewa ankasewera nawo mu Nyundo, kutsogolo, koma anali kalaliki muofesi ya fakitale. Pambuyo pake anakwera pantchito ya inshulansi, anagula nyumba ku Sunnyside, n'kukhalanso mkulu wa mpingo. Anabweretsa mkaka ndi malalanje, anapemphera nthawi yaitali, kenako anatulutsa foni n'kujambula wodwalayo, amene anali atalefuka ndi mankhwala. Anati akufuna kukaonetsa anzawo akale kuti adziwe za vutoli. A Hannah sizinawasangalatse, koma sakanadzudzula munthu amene wangomaliza kupempherera mwamuna wawo.

Patapita miyezi a Kingsford anafika ku Chirimba ndi nkhani yakuti akukonza masewero a madala, osewera akale a Nyundo kulimbana ndi akale a matimu ena, kuti papezeke mwendo wochita kupanga. A Jailos anayamba akana, poti sankafuna kupemphetsedwa. Chimene chinawafewetsa ndi pamene a Kingsford anati padzakhala pulogalamu yosindikiza ngati kale, ndipo pachikuto padzakhala iwowo. Madzulo ake a Jailos anawauza a Hannah kuti afufuze m'sutikesi, ndipo chinapezeka chithunzi chakale: a Jailos ali m'malere, atadumpha kuposa onse, mpira uli pamphumi. Anachipukuta ndi malaya, n'kumupatsa Bertha kuti akachisiye ku Sunnyside.

Masewerowo anachitika Loweruka masana pabwalo la sukulu ina ku Chirimba komweko, dzuwa la Okutobala likuswa mtengo. Anthu anabwera ambiri ndithu. A Jailos anavala jekete ya kutchalitchi, mwendo wa thalauza ataupinda bwino ndi pini, ndipo analowa pandodo zawo, a Hannah kumanja, Bertha kutsogolo. Pachipata panali tebulo, patebulopo mulu wa mapulogalamu. Bertha anatolapo imodzi, anayang'ana, n'kuipinda msanga kuti ailowetse m'chikwama.

"Bweretsa kuno," anatero a Jailos.

"Tikakhale kaye pansi, ababa."

"Ndati bweretsa."

Pachikuto panali iwo ali pabedi la kuchipatala, opanda malaya, nthiti zikuwerengeka, kukamwa kuli yasa. Chitenje cha a Hannah chinali chitasuntha, ndipo chitsa cha mwendo chinali poyera ndi bandeji yothimbirira. Pansi pa bedi pankaoneka ngakhale botolo lokodzeramo. Pamwamba panali zilembo zofiira: CHITSEKO CHAGWA, THANDIZANI. Anatsegula mkati. Masamba awiri oyamba anali uthenga wa a Kingsford, ndi chithunzi chawo atavala suti. Kenako malonda a mashopu, kenako mayina a komiti. Chithunzi chodumpha chija munalibe.

A Jailos anaima pomwepo, osasuntha, ndipo anaona chimene chinkachitika patebulo lija. Anthu sankagula. Munthu ankafika, kutola pulogalamu, kupukusa mutu, kutulutsa foni, kujambula chikuto, n'kuibweza pamulu. Owerengeka amene anagula anali kuikupizira mphepo, ena anaiyala pafumbi n'kukhalira. Mnzawo wina wa kuulonda anadutsa ali ndi tchipisi chokulungidwa m'tsamba lake.

Anawakhazika pampando wakutsogolo, pansi pa tenti, pafupi ndi alendo olemekezeka. Mpira usanayambe n'komwe, foni ya a Hannah inalira. Anali mlongo wawo wa a Jailos ku Nsanje, akulira, kufunsa chifukwa chimene anamubisira kuti achimwene ake akufa. Chithunzi chinali chitafika kale kumudzi pa WhatsApp, ndipo anthu anali atayamba kubwera pakhomo kudzafunsa za mwambo wa maliro.

Apa n'kuti a Kingsford atatenga maikolofoni. Anathokoza Mulungu, anathokoza a mashopu, anafotokoza mmene iwo anamupezera mnzawoyo ali wothedwa nzeru. Anapempha anthu kuti ayang'ane bwino chikuto cha pulogalamu, aone pamene moyo umafikitsa munthu. Kenako anaitana a Jailos kuti abwere pakati adzanene mawu othokoza.

A Jailos anadzuka. Anayenda pandodo mpaka pakati, anthu akuomba m'manja, ndipo a Kingsford anawayandikizira maikolofoni kukamwa. Pulogalamu inali m'thumba la jekete. Anaitulutsa.

"Kingsford, chithunzi ichi unandipempha?"

Chiyambire ukulu wawo anali asanawatchulepo a Kingsford kuti iwe. Mawuwo anamveka bwalo lonse, ndipo m'manja munaleka.

"Achimwene, izi tikambirana bwino tikamaliza," anatero a Kingsford akumwetulira, uku akuyesa kubweza maikolofoni. A Jailos anaigwira ndi dzanja limodzi, ndodo ili m'khwapa.

"Ndinakupatsa chithunzi changa. Ichi si changa, unachiba ndili mtulo. Iwe wavala suti m'buku la ine, ine wandivula. Mkazi wanga amandifunditsa ngakhale pamaso pa mwana wanga, iwe wandifundukula Chirimba yonse. Ndinakutchingira kumbuyo zaka zonse zija, sindinakusiyepo poyera."

Anasiya maikolofoni, anagwetsa pulogalamu pansi, n'kulunjika kuchipata. Sanabwerere kutenti. A Hannah ndi Bertha anawatsatira, ndipo ena mwa madala a Nyundo, atavala kale mayunifomu, anaima osadziwa kuti alowere kuti. Mpira unaseweredwabe, koma a Jailos anangomva kaphokoso kake ali pakhonde kwawo.

Lolemba anakwera minibasi kupita ku Limbe, kukafuna malo amene anasindikiza. Dzina la mwini wake, a Nizam, linali kumapeto kwa pulogalamu. Anafika atakonzeka kukalipa, koma a Nizam atangowaona pakhomo anawazindikira ndipo anawapatsa mpando. Anafotokoza kuti iwo anawauza a Kingsford poyamba pomwe kuti masiku ano palibe amagula mapulogalamu, zonse anthu amaonera pafoni, ndipo a Kingsford anayankha kuti agula ngati chikuto chiwagwira mtima. Anati anafunsanso ngati mwini chithunzicho wavomera, ndipo anauzidwa kuti inde. A Jailos anawafunsa ngati akanasindikiza bambo awo ali choncho pongomva kuti inde kwa munthu wina. Makatoni a mapulogalamu osagulidwa anali atabwezedwa m'mawa womwewo, ndipo a Nizam anawanyamula okha kupita nawo pamakina odulira mapepala. A Jailos anakhala pomwepo mpaka katoni yomaliza inasanduka zinyenyeswa. Chithunzi chakale chija chinapezeka m'dirowa, chili mu envulopu yomwe Bertha anachiikamo, yosatsegula.

Koma za m'mafoni panalibe makina ozidulira. Pobwerera, kondakitala anawayang'ana kawiri n'kuuza anthu kuti awapatse malo madala a pa WhatsApp aja. Mayi wina anayesa kuwafumbatitsa kanthu m'manja. Anatsika asanafike pasiteji yawo, n'kumaliza ulendo pandodo.

Ndalama zimene zinasonkhedwa pamasewero aja, a Jailos anati sazifuna. Apa ndi pamene anayambana ndi a Hannah, koyamba kuyambana kwenikweni m'banja lawo. A Hannah anati nawonso chithunzicho chinawapweteka, mwina kuposa, poti chitenje chinali chawo ndipo analephera kuletsa. Koma anati amene amatunga madzi, kunyamula mwamuna kubafa ndi kusiya nsomba pamsika ndi iwo, osati mkwiyo.

"Manyazi mwachita kale, bambo a Bertha. Mukakana mwendo, ndiye kuti mwavulidwa ulele."

Anakhala masiku osalankhulana bwino. Pamapeto pake a Hannah anapita okha kwa msungichuma wa komiti, osadzera ku Sunnyside, ndipo mwendo unapangidwa. A Jailos anauphunzira movutika, akutukwana chamumtima, koma tsopano amayenda ndi ndodo imodzi. Ntchito ya ku Mandala anali atalowetsapo kale munthu wina, choncho amathandiza a Hannah pabenchi la nsomba. Kumpira sapitanso, ngakhale wa ana a m'dera. Wogula akawayang'anitsitsa n'kuyamba kunena kuti anawaonapo penapake, iwo amangomufunsa kuti akufuna mulu uti.

A Kingsford amauza anthu kuti anachitira zabwino munthu wosayamika, ndipo alipo ambiri amene amagwirizana nawo. Anabwerako kamodzi ku Chirimba, Lamulungu atatuluka m'tchalitchi, n'kuimika galimoto pampanda. A Jailos anali pakhonde, akuonekera bwinobwino, akupaka mafuta pachitsa. Anaitana a Hannah n'kuwauza mokweza kuti akamuuze mlendoyo kuti a Zuze kulibe. A Hannah anapukuta m'manja, anapita kumpanda, ndipo anakanena momwemo.