Tizitsulo ta Dzimbiri pa Windo la Achimwene

Kwa Oyang'anira Tsambali ndi Abale Onse,

Ndapereka moni mwaulemu. Ndikupempha malo okumbukira malemu a Kassim Mdala, popeza lero patha chaka chitisiyireni.

Achimwene, ntchito yanu inali yosankha zitsulo za mapaipi odutsamo madzi a m'nyanja yamchere kumalo opangira magetsi. Mutandisunga kwanu ku Lanham, kutsidya kwa nyanja, ndili mlendo wopanda kolowera, ndinapeza tizitsulo ta dzimbiri m'mabotolo a madzi pawindo. Pofuna kuthokoza, ndinataya madziwo n'kutikwecha tonse mpaka mbee. Mutaweruka munatiyang'ana nthawi yaitali, ine mtima uli m'mwamba poganiza kuti mundithamangitsa. Kenako munati: "Twaibu, dzimbirilo ndiye ndakhala ndikulidikira chiyambire chilimwe, kuti ndione chitsulo chopirira mchere. Koma kukwecha ndiye umatha, mphwanga. Loweruka wonyamula ndowa ndiwe, tikatunge madzi ena kunyanja."

Loweruka limenelo ndinaona nyanja yamchere koyamba, ndipo m'nyumba mwanu ndinatulukamo nditakwatira. Mulungu akuchitireni chifundo.

Ndikutsimikiza pamaso pa Mulungu kuti zimene ndalembazi ndi zoona.

Ine,
Twaibu Amini Chikwakwa