Supu Yopanda Nshima

Ndikakumbukira ba Sakala, ndimamva fungo la anyezi akufiira pang'onopang'ono mumphika wakuda, fungo lotsekemera lomwe linkasakanikirana ndi utsi wa malasha n'kudumpha mpanda wa maluwa wolekanitsa nyumba yawo ndi yathu m'komboni ya Nangongwe. Ndimamvanso mthiko ukukhwekhwereza pansi pa mphika, sitima ya katundu ikulira chapatali ku siteshoni, iwo atakhala pakampando pafupi ndi mbaula, epuloni yoyera ili m'chiuno ngakhale kuti ntchito anali atapuma kalekale.

Anali nkhalamba yaitali, yowonda, yokhala yokha chimwalirireni akazi awo, ndipo anaphikira azungu a ku fakitale ya feteleza zaka zambiri. Zimenezi sankalola kuti munthu aziiwale. Azimayi akamakazinga ndiwo panja, ba Sakala ankasuzumira pampanda n'kuwauza kuti moto wachuluka, mchere wafulumira, tomato walowa nthawi yake isanakwane. Amayi anga ankawatcha kapitawo wa miphika ya eni. Ineyo ndinkawazemba, chifukwa akakukola ndi nkhani ya mmene mzungu amagwirira foloko, miyendo inkachita dzanzi uli chiimire.

Atate ankayendetsa makina ku fakitale ya nsalu. Zaka zija boma litasintha, salaula, zovala za kaunjika zija, itadzaza misika, mafakitale anayamba kuchotsa anthu, ndipo mawu amene anatchuka anali akuti kupuluna, mawu a osadza mitengo. Atate anawapuluna ine ndili giredi sikisi. Ndalama zimene anawatsanzika nazo anakagulira matumba khumi ndi awiri a anyezi kwa alimi a m'mbali mwa mtsinje, ati akagulitse pamsika wa ku Boma mtengo ukakwera. Mtengo sunakwere. Kunabwera malole ochokera kumwera, odzaza anyezi akuluakulu onyezimira a m'timatumba tofiira, ndipo athu aang'onoang'ono aja palibe anawacheukira.

Matumba anaunjikidwa m'chipinda chathu cha ana. Mvula itayamba, anyezi anamera timichira tobiriwira, ena n'kuyamba kuwola, ndipo fungo linalowa m'mabulangete, m'makope, ngakhale m'yunifolomu, moti anzanga m'kalasi ankasendeza benchi ndikakhala. Atate anasiya kutuluka. Ankagona chagada kuyang'ana kudenga, wailesi ili chete, chakudya n'kumabwerera monga chinapitira. Analetsa anyezi m'ndiwo, choncho tinkadya repu wopanda anyezi m'nyumba yodzaza anyezi. Mnzawo wina wa kuntchito tinali titamuika kale m'manda, ndipo akuluakulu sankanena chimene chinamupha. Amayi anamasula chingwe choyanikira zovala n'kukachibisa kwa mlongo wawo. Ndinali mwana, koma ndinadziwa chifukwa chake, ndipo ndinkaopa kwambiri.

Loweruka lina m'mawa ba Sakala anaitana amayi pampanda, n'kuwapempha beseni la anyezi, omera kale omwewo. Amayi anandisenzetsa. Ndinkaganiza kuti nditula n'kuthawa, koma nkhalamba inandipatsa mpeni n'kundikhazika pansi m'khitchini mwawo, pafupi ndi thumba la unga woyera, ufa wa nshima uja, lomwe mwana wawo wa ku Kitwe ankawatumizira mwezi ndi mwezi. Thumbalo linali lodzaza pafupifupi kukamwa, ndipo ndinaliyang'ana ndi kaduka poti kwathu unga unali utafika pokung'untha.

Anandionetsa kuchotsa powola ndi kamtima kobiriwira kaja, kenako kudula mopyapyala kwambiri. Ndikadula chokhuthala ankachinyamula m'mwamba n'kufunsa ngati ndikuwaza nkhuni. Maso anga akuchucha, iwo ankangoseka.

"Misozi, lelo dzina yako yapeza nchito," anatero. "Pitiliza chabe."

Anathira saladi pang'ono mumphika, mafuta ophikira aja, n'kukhuthuliramo anyezi onse mpaka mphika unadzaza. Atatero anaphula malasha ena pambaula kuti moto ukhale wofatsa. Panapita ola lathunthu akutakasa, akupuma, akutakasanso, mulu uja ukuphwa, ukusanduka wachikasu, kenako wofiirira ngati tiyi wopanda mkaka. Ndinawauza kuti amayi akadamaliza kalekale, iwo n'kuyankha kuti n'chifukwa chake anyezi a amayi amaluma, poti anyezi ukawathamangitsa amakwiya. Anawaza kasupuni ka fulawa ndi mchere, n'kuthira msuzi wa mafupa a kubutchala amene anali atawiritsa dzulo lake. Mphika ukubwata, anawotcha zidutswa za buledi wogona mpaka zinauma gwa.

Atamaliza anavula epuloni, anavala jekete, n'kupita okha kwathu. Anaima pakhomo la chipinda cha atate chipewa chili m'manja, ndipo anati aphika supu, koma munthu wamkulu kudya yekha tsiku ndi tsiku n'kowawa. Amayi ankaitana atate n'kulephera, abusa anabwera n'kubwerera, koma munthu wa imvi ataima pakhomo ndi chipewa m'manja sumukanira. Atate anadzuka. Buluku linali likuwagwa m'chiuno.

Apa m'pamene zinasokonekera. Kwa ife a m'komboni, supu ndi msuzi wa ndiwo, wosunsa nshima, ndipo palibe munthu wamutu wake amaitanira mnzake supu yokhayokha. Kwa ba Sakala supu chinali chakudya pachokha, chomwera supuni, mmene ankachiperekera patebulo la azungu. Titafika kunyumba kwawo anayala nsalu, anaika mbale ziwiri zakuya, masupuni ndi buledi uja. Atate anasamba m'manja n'kumadikira nshima. Ba Sakala nawo ankadikira kuti mlendo ayambe. Ine ndinali pansi pafupi ndi chitseko, ndikuona nthunzi ikuchepa m'mbale.

Atate anayang'ana supu yopanda nyama, anayang'ana buledi wouma, kenako manja owonda a nkhalamba ija. Nkhope yawo inasintha.

"Bamudala," anatero motsitsa mawu, "unga inasila liti? Nichani simunakambe? Tili chabe apa pafupi."

Ine ndinatsegula pakamwa kuti ndinene za thumba la ku Kitwe, lomwe linali kuseri kwa chitseko chomwecho. Ba Sakala anandiyang'ana kamodzi kokha, ndipo ndinatseka pakamwa. Munthu amene ankanyadira supu imeneyi kuposa china chilichonse, amene akanatha kulankhula mpaka madzulo za mmene amamwera anthu ophunzira, anaweramitsa mutu ngati wogwidwa.

"Nsoni, bashi Misozi," anayankha, kuitana atate mwaulemu ndi dzina la mwana wawo. "Nsoni chabe."

Atate sananditume. Ananyamuka okha, ndipo tinawamva akuuza amayi ndi mawu awo akale aja, olamula, kuti akung'unthe unga wotsala aphike msanga chifukwa mkulu uja njala imupha ife tikuona. Anabwera atanyamula okha mbale ya nshima. Anadya ntongo zingapo kuti alimbikitse nkhalamba, kenako anadya chifukwa njala yawo yomwe inali itadzuka, n'kufunsa kuti supu yokoma chonchi aikamo chiyani. Ba Sakala anati ndi anyezi basi, anyezi awo omwewo. Atate anapempha supu ina. Ndipo ndinaona ndi maso angawa ba Sakala akusunsa nshima mu supu ya azungu, akumeza movutikira.

Atate atapita, nkhalamba inandituma kuti ndiithandize kukokera thumba lija kunsi kwa bedi. Inandiuza kuti ndikadzatsegula pakamwa idzandidula makutu mopyapyala ngati anyezi. Ndinafunsa chifukwa chake ananama, munthu wopita kutchalitchi.

"Atate ako sibafuna munthu wobamvelela chifundo," anatero. "Bafuna munthu wakuti beve bamumvelele."

Kuyambira tsikulo atate ankadzuka m'mawa kukaona ngati mkulu uja wagona bwanji. Awiriwo anakhuthula matumba onse pakhonde, kusankha abwino, kutaya owola, ba Sakala akulongolola za kasungidwe ka anyezi, atate akuwapirira poti munthu wanjala sumutsutsa. Opulumuka anali ochepa. Amayi ankawagulitsa timilutimilu pakhomo, ndipo sitinalemere nawo ayi. Koma kuti nkhalamba isagone ndi njala, atate anayamba kufuna maganyu, kukonza makina osokera a matelala a kumsika, ndipo pa kathumba kalikonse ka unga kolowa m'nyumba mwathu ankapungulako ka ba Sakala. Unga womwewo unkabwerera kwathu mwakachetechete, wowonjezerapo, kudzera pampanda, m'manja mwa amayi. Amayi ndi ine sitinakambiranepo nkhaniyi, koma tsiku limene anakatenga chingwe chawo kwa mlongo wawo n'kuchimanganso pabwalo, anandipatsa ine mbali ina kuti ndigwire.

Ba Sakala anakhala zaka zinayi akutchedwa wosauka m'komboni monse, chifukwa atate sankabisa zabwino zimene ankachita. Azimayi omwe ba Sakala ankawadzudzula aja anayamba kuwatumizira ndiwo zotsala, iwo n'kumalandira ndi manja awiri, mchere wofulumira ndi tomato wosapsa yemwe. Ndikaganiza zimenezi lero ndimamva chisoni, chifukwa ndikudziwa kuti kwa munthu wonyada ngati uja zinali zowawa kuposa njala yeniyeni. Atamwalira, atate ndiwo anatsogolera zonse, ndipo anakalipira mwana wa ku Kitwe uja pamaso pa anthu chifukwa chotaya bambo ake. Mnyamatayo anadabwa, nafuna kuyankha, koma amayi anamukokera pambali.

Atate anakalamba, ndipo nkhani imene ankaikonda kuposa zonse inali ya mmene anapezera nkhalamba ikumwa msuzi wopanda kanthu, iwo n'kuipulumutsa. Ankaifotokozera adzukulu awo, alendo, ngakhale anamwino. Ulendo womaliza kuimva ndinali nditakhala m'mphepete mwa bedi lawo, ana anga ataima kumiyendo. Mawu anali atachepa, koma anaifotokoza yonse, mpaka pa buledi wouma. Atamaliza anatembenuza mutu n'kundiyang'ana nthawi yaitali, kuyang'ana kumene mpaka lero sindidziwa tanthauzo lake.

"Misozi analipo," anauza anawo. "Si mwamene zinalili, mwana wanga?"

Ine ndimaphunzitsa ana a sukulu kuti bodza ndi loipa, ndipo ndimakhulupiriradi zimenezo. Koma ili lokha ndalisunga zaka zonsezi ngati cholowa, ndipo sindinachitepo nalo manyazi.

"Ni mwamene zinalili, atate," ndinayankha. "Pakanapanda imwe, sembe ba Sakala banafa."