Duwa limene amayi analitcha Sekondale

Pakhomo pathu pali duwa lofiira, laminga, limene lili ndi mayina ambiri kuposa ine. Lili pafupi ndi bafa, pamene madzi osamba amatsetserekera. Ndikanakhala wolimba mtima ndikanalizula kalekale.

A kumzikiti amalitcha waridi. Telala wina wachikulire wa pa Boma, amene ndimawanyamula pa kabaza Lachisanu, anandiuza kuti dzinalo linawoloka nyanja ndi amalonda a Chiswahili, iwonso analitenga kwa Aluya. Anati marashi, madzi onunkhira amene amawaza pa ukwati aja, amachokera ku duwa lomweli. A kutchalitchi amati rozi, kutsatira Azungu. Ana amangoti duwa laminga, ndipo anawo ndiye amanena zoona. Aphunzitsi athu a zaulimi anatiuzapo kuti rozi ndi pachibale ndi pichesi, komanso ndi nkandankhuku, kachitsamba ka kumapiri kamene dzina lake silifuna womasulira: nkhuku ikalowamo imatuluka itakandika. Zonsezo ndimazikumbukira. Zandithandiza chiyani? Palibe wokwera kabaza amene anandifunsapo za achibale a pichesi.

Koma kwathu duwalo si waridi, si rozi. Amayi analitcha Sekondale.

M'mudzi mwathu, kumunsi kwa msewu wotsikira kunyanja, azimayi ali ndi chizolowezi chawo. Chinthu chachikulu chikachitika pakhomo, mayi wa pakhomopo amadzala kanthu n'kukatcha dzina la chinthucho. Pali ndimu wotchedwa Chikwati. Panali papaya wotchedwa Malata, chifukwa anadzalidwa tsiku lofolera nyumba. Wina akafuna nthambi yokadzala kwake, dzina limapita nayo limodzi, ndipo wodula nthambiyo amayenera kukhala mwini nkhani: mkwatibwi, kapena womanga nyumba uja. Amati mwayi uli m'dzanja lake. Sindikudziwa anayambitsa ndani, ndipo ndikanamudziwa ndikanamufunsa ngati analibe ntchito ina.

Sabata imene dzina langa linatuluka kuti ndasankhidwa kupita ku sekondale, azakhali anga anabwera kuchokera ku Dwangwa, kumene amagwira ntchito m'nyumba ya bwana wina wa ku nzimbe. Anatsika minibasi atanyamula kamtengo kokulunga m'chiguduli chonyowa. Mchenga wakwathu umawotcha chilichonse, choncho amayi anakasenza dothi lakuda ku dambo la mpunga, anasakaniza ndi ndowe za mbuzi, anatchinga ndi bango. Kamtengo kanaphuka. Mudzi wonse unadziwa dzina lake.

Ine ndinasiya sukulu ndili Folomu 2. Bambo anadwala nthawi yaitali, bwato linagulitsidwa, ndinabwera kudzathandiza teremu imodzi yokha, teremu inasanduka chaka, bambo anamwalira. Nkhani yonse ndi imeneyo. Amene akufuna kuwonjezerapo mchere awonjezere, ambiri anawonjezera kale.

Duwa lokha silinamve. Linkangophuka. Ndinawauza amayi kangapo kuti asinthe dzinalo, anthu akutiseka. Iwo ankangoti, "Ukupuma kaye iwe, udzabwerera." Mlendo akafunsa, yankho linali lomwelo: akupuma kaye. Ine ndinkadziwa kuti sindidzabwerera. Anzanga amene ndinalowa nawo anali atamaliza, ena atakwatira. Koma malinga ngati amayi ankatchula dzina lija mokweza, panali munthu mmodzi padziko amene sankandiona ngati wakabaza chabe. Zinkandinyansa, komanso ndinkazifuna. Zonse ziwiri.

Tsiku lina m'mawa ndinali pakhonde ndikumata chubu, njinga itagona chagada. Kunabwera mayi wina wogulitsa mpunga pamsika, mnzawo wa amayi, amene ndimawanyamulira matumba. Pambuyo pawo panali mwana wawo wamkazi, atavala nsapato zatsopano zomwe zinkamuluma.

"Odi kuno! Eni ake a Sekondale alipo?"

Amayi anatuluka m'khitchini akupukuta manja. "Lowani, asisi. Tamva, tamva! Ndi ameneyu? Iwe, wakula liti chonchi? Dzulo lomweli unkaba bwemba kuseri kuno."

Mtsikanayo anagwada, anapereka moni, maso pansi. Anali atasankhidwa kupita ku sukulu yogonera konko. Mayi ake anati abwera kudzapempha nthambi, kuti nawonso pakhomo pawo pakhale chizindikiro.

Amayi anasangalala ngati wasankhidwa ndi wawo. Analowa m'nyumba, anatuluka ndi mpeni wakuthwa uja wotumbulira chambo, anautsuka, n'kundiitana. "Iwe, siya matayalawo. Bwera udzadulire mlongo wako."

Ndinaimirira. Ndipamene ndinaona nkhope ya mayi wampunga uja ikusintha.

"Aa, musamuvutitse, ali pa zake. Dulani ndinu, asisi."

"Ine? Ndinalowapo m'kalasi liti ine? Mwini wake ndi uyu."

"Manja ake ali ndi girisi."

"Asamba. Madzi sanathe m'nyanjamu."

Mayi aja anaseka, kuseka kopanda mano. Anakonza chitenje, anayang'ana duwa, anayang'ana njinga yanga. Kenako anatsitsa mawu, ngati kuti ine ndili kutsidya.

"Asisi, tisanamizane. Mwanayu ndikufuna akafike Folomu 4."

"Amayi!" anatero mtsikana uja.

"Khala chete iwe, ndikukonzera iwe wemwe."

Ndinati, "Mukuopa kuti ndimupatsira? Si mphere izi, mayi."

"Iwe!" amayi anandidzudzula. "Ukuyankhula ndi akulu."

"Musakwiye, achimwene," anatero mayi aja. "Inu matumba anga mumanyamula bwinobwino, simunagwetsepo, sindinadandaulepo. Koma izi ndi zina. Inunso mukudziwa."

Choipa n'chakuti ndinkadziwadi. Ndikanakhala ine ndi mwana, sindikanalola dzanja ngati langa. Sindikhulupirira n'komwe zoti mwayi umayenda m'kamtengo, komabe sindikanalola. Ndinaima pamenepo, guluu akuuma ku zala, ndikusowa poyang'ana. Kuseri kwa mpanda aneba anali atasiya kusinja. Mtondo ukangokhala chete mwadzidzidzi, dziwani kuti makutu ali pa inu.

Amayi anali akadatambasula dzanja, chigwiriro cha mpeni chitaloza kwa ine. Ndinkayembekeza kuti awauza alendowo kuti ngati sadula mwana wanga, nthambi palibe, bwererani. Ndinkayembekeza mawu aja otopetsa, akupuma kaye. Moyo wanga wonse sindinawafunepo mawu amenewo ngati mmene ndinawafunira m'mawa umenewo.

Sanawanene. Anandiyang'ana kuyambira kumapazi: mapatapata, buluku long'ambika pabondo, mikono yakuda ndi dzuwa la pamsewu. Anandiyang'ana ngati munthu amene wabwera kumene kuchokera ku ulendo. Kenako anatembenuza mpeni, anaugwira okha, anapita pa duwa.

Sanadule mwamwano. Anafunafuna nthambi yabwino, yokhwima, ya maso ambiri. Munga unawabaya pa chala, anangoyamwa magaziwo n'kupitiriza. Anasadza masamba, anakulunga kamtengoko m'kansalu konyowa, anamupatsa mtsikana uja m'manja.

"Usakadzale pamchenga. Katenge dothi la kudambo. Mbuzi zimakonda masamba ake, utchinge."

"Nanga dzina?" anafunsa mayi ake.

"Tengani lomwelo. Kuno latha ntchito."

Ndinali nditawapempha ndekha kuti alisiye dzinalo, kangapo konse, mwaukali. Sindinadziwe kuti akadzalisiya ndidzamva ngati andivula malaya pakati pa msika.

Potuluka, mtsikana uja anaima pafupi nane, anagwada pang'ono. "Zikomo, achimwene." Akanangodutsa zikanakhala bwino. Mayi ake anandikumbutsa kuti Loweruka kuli matumba, ndisachedwe. Ndinavomera. Ndikanatani, ndimadya pomwepo.

Atapita, amayi anatsuka mpeni, anaubwezera m'nyumba. Sanalire, sanandipepese, ndipo panalibe choti apepese. Ine ndinabwerera pa chubu changa. Chigamba chinali chitamatika mokhota, ndinachimatula n'kuyambiranso. Amayi anatuluka ndi lichero, anaima pang'ono kumbuyo kwanga.

"Fulumira, minibasi za m'mawa zikutsitsa anthu. Uchedwa ku ntchito."

Aka kanali koyamba kuitchula kuti ntchito. Ndinapopa tayala, ndinakankha njinga mumchenga mpaka kumsewu, osatembenuka.