Jekete yanu m'munda wa mpunga

Ababa, lero ku Lifuwu ndapeza jekete yanu ya usilikali itavekedwa pamtengo pakati pa mpunga kuti iziopseza mpheta. Ana anga ndi amene aipachika. Ndinafuna kukalipa, koma ndinaleka, chifukwa ndine ndemwe ndinawapatsa, ndikuti ndi nsanza chabe. Ndaima pamenepo ngati wakuba, ndipo ndakumbukira chaka chija munabwera kuchokera kunkhondo ku Mozambiki. Tinali m'munda momwemu, inu mukuzula udzu, ine ndikuingitsa mbalame. Ndinabwera kumbuyo kwanu n'kumenya chitini mwamphamvu. Munadziponya chafufumimba m'matope, manja kumutu, mukufuula kuti, "Gonani pansi!" Anthu a minda yoyandikana anafa nacho chiseko, koma amene anaseka kwambiri ndinali ine, mwana wanu.

Simunandimenye. Munadzuka matope ali chuchuchu, n'kundiuza motsitsa mawu kuti, "Mwanawe, ukamafuna kumenya chitinicho uziyamba wandiuza." Ine nkhaniyi ndinaisandutsa nthabwala, ndikumakuyeserani pamaso pa anzanga mpaka kukula. Sindinakufunsenipo n'kamodzi komwe kuti kunkhondoko munaona zotani, ndipo munapita nazo kumanda osauza munthu. Jekete ija ndaichotsa, ndaichapa, ili pachingwe. Mpheta zabwereranso, ndiye ndatenga chitini ndekha. Ana amandiyang'ana modabwa nditayamba ndanena mokweza kuti, "Ababa, ndikumenya tsopano." Pepani, ndachedwa nawo mawu amenewa.