Buledi Sagona Chafufumimba

Zaka makumi atatu a Normurod akhala akuphika buledi mu mzinda wa Margilan, ndipo mkono wawo wamanja unalibe cheya ndi chimodzi chomwe. Moto unadya chonse. Buledi wa kumeneko ndi wophwatalala ngati mbale, womata pakhoma m'kati mwa uvuni wadothi, ndiye mkono unkalowa mpaka m'phewa.

Mwini malo ophikira bulediwo, mayi Gulchehra, atagula uvuni wamagetsi wotulutsa buledi pa lamba, mtima wa a Normurod unangoti myuu. Makina safuna mkono wa munthu. Anzawo awiri anali atauzidwa kale kuti akapume, ndipo iwo ankangodikira tsiku lawo. Chakudya chinasiya kulowa, tiyi n'kumazizirira m'kapu.

"Bambo ake a Zebo, mwayamba kuphukatu," anatero akazi awo a Oydin, akuwatsina pamkono pamene cheya chinayamba kumeranso. "Posachedwa tikumetani ngati nkhosa."

"Sekani, mayi. Akandichotsa tizidya cheya chomwecho."

Ntchito yawo tsopano inali kudina batani basi. Koma chinthu chimodzi chinkawadya moyo: lamba uja ankagwetsera buledi m'dengu chafufumimba, maluwa amene amadinda pamwamba pake ali pansi. Kumeneko ngakhale mwana amadziwa kuti kugoneka buledi chotero n'chipongwe. Anapirira masiku awiri. Tsiku lachitatu anasiya batani n'kukaima kumapeto kwa lamba, kumawakha buledi mmodzimmodzi, kumutembenuza, uku akunong'ona, "Pepa, pepa."

Mayi Gulchehra anawapeza pomwepo. "Achimwene, batani mwasiyira ndani?"

A Normurod anavula epuloni n'kuyamba kuipinda.

"Ndichotseni, mayi, koma izi sindingazionerere."

Mayiwo anayang'ana buledi wa dzulo amene anatsala m'dengu, yense ali chafufumimba, n'kugwira pakamwa. "Mayo ine! N'chifukwa chake madala a kumzikiti akungosuzumira pawindo n'kubwerera! Valani msanga epuloniyo. Batani ndizidina ndekha, chala ndili nacho."

Mpaka lero a Normurod amaima pomwepo. Uvuni wadothi amausowa, sabisa ayi, koma msana unasiya kuwawa ndipo chifuwa cha utsi chinatha. A Oydin akayamba za nkhosa zija, iwo amangowatambasulira zala, nsonga zake zili psuu ndi buledi wamoto, n'kumwa tiyi wawo akadali wotentha.